Kope limene linabisidwa pansi pa kauntala

"Ndikufuna mundiikire kanthu m'kompyutamu koti kandigwirire wakuba."

Ndi mawu amene anandilandira nawo abwana a shopu ina yopikulitsa katundu ku Limbe, moni tisanamalize n'komwe. Ntchito yanga ndi yopanga ndi kukonza masisitimu a pakompyuta a mabizinesi. Anandiitana chifukwa amene anawapangira sisitimu yawo anali atasiya kuyankha foni. Patebulo panali lipoti la kumapeto kwa mwezi, ndipo m'munsi mwake munali chiwerengero cha katundu wosowa: shuga, sopo, mafuta ophikira, machesi, zonse pamodzi mamiliyoni angapo. Pambali pa mzere uliwonse panali dzina limodzi lomwelomwelo, la mnyamata amene ankasunga makiyi a kosungira katundu.

Abwanawo sanali munthu wankhanza. Anali bambo wotopa, amene anatulutsa ndalama zambiri kuti kompyuta iziwauza zoona, ndipo kompyutayo inali itawauza kuti akuberedwa. Anali atatsimikiza kale zopita kupolisi. Kwa ine ankangofuna umboni womaliza.

Ndinapempha kuti ndisanakhudze kalikonse, andilole ndikhale m'shopumo ndizingoona, kuyambira potsegula mpaka potseka. Anati amatsegula 7 koloko.

## Khomo lakuseri

Amene ananditsina khutu ndi mlonda. "Bwana, ngati mukufuna kuona ntchito ya pano, 7 koloko mwachedwa. Mubwere m'bandakucha, mudzere kuseri."

Ndinafika chiperoni chikuwaza. Pakhomo lakuseri panali kale mzere wa anthu: amayi ogulitsa m'misika ya ku Bangwe ndi ku Ndirande, anyamata a maokala, ena ndi njinga, ena ndi mabeseni. Uyu theka la belo la shuga. Uyo katoni ya sopo ndi kachigubu ka mafuta. Mnyamata wamakiyi uja ankalowa ndi kutuluka atasenza katundu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira chonchija. Palibe amene anapisa dzanja m'thumba kutulutsa ndalama. Kompyuta inali isanayatsidwe.

Pafupi ndi khomo, pa kreti ya zakumwa, panakhala mayi wa pakauntala, amene wagwira ntchito pamalopo nthawi yaitali kuposa wina aliyense. Pamiyendo pawo panali kope la chikuto cholimba, m'mphepete mwake mutada ndi zala. Wina akatenga katundu, iwo ankalemba. Sankafunsa dzina. Ankangokweza maso, n'kufunsa za mwana amene anadwala sabata yatha, dzanja likulemba.

Atandiona anatseka kope lija.

"Achimwene, mwalawiriranji?"

"Ndimafuna ndione mmene mumagwirira ntchito, amayi."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Ndiye mwaona."

Zimene ndinaona ndi izi. Mavendawo amatenga katundu m'mawa, amakagulitsa, ndipo amabwera ndi ndalama madzulo. Ena mawa lake, ena mkucha. Ena amabweza katundu amene sanayende. Akabweretsa ndalama, m'pamene mayi aja amalowetsa m'kompyuta n'kutulutsa lisiti. Koma chakumasana, tsiku lililonse, mwana wa abwana ankalowa kosungira katundu kukawerenga mabelo ndi makatoni. Kompyuta ikuti mabelo alipo akutiakuti, pansi apezeka ochepa, iye n'kulemba kusiyanako. Sisitimu inkasunga kusiyana kumeneko pa dzina la wamakiyi, ndipo kumapeto kwa mwezi inkaphatikiza zonse. Ndalama zikabwera madzulo, zinkalowa ngati malonda atsopano. Panalibe chimene chinkabwerera kukafufuta mlandu wa masana uja.

Panalinso nkhani ya theka la belo. Sisitimu inkangodziwa belo lathunthu. Wina akagula theka, mayi aja ankadikira mpaka wina adzagulenso theka, kenako n'kulowetsa belo limodzi. Pakati pa nthawiyo, theka lija linali "losowa".

Palibe chimene chinabedwa. Sisitimu inkawerenga molondola ndithu, koma inkawerenga shopu imene kulibe.

## Kope patebulo la abwana

Ndinawafunsa mayi aja chifukwa chake sananene zimenezi kwa abwana. Yankho lawo silindichoka mpaka lero.

Tsiku limene sisitimu inayamba kugwira ntchito, onse anaitanidwa. Anauzidwa kuti kuyambira tsiku limenelo makope ayi, chilichonse chizidutsa m'kompyuta, wopezeka ndi kope achotsedwa ntchito. M'kompyutamo munalibe malo olembamo ngongole. Mawa lake m'bandakucha, anthu aja anabwera pakhomo monga mwa masiku onse. "Ndikanawabweza? Ena ndinayamba kupatsa katundu amayi awo. Ndikanawabweza akanapita kwa anzathu kutsidya kwa msewu, osabweranso." Ndiye anagula kope ndi ndalama zawo, n'kumalibisa pansi pa kauntala.

Tsopano anali pakati pa moto ndi madzi. Akatulutsa kope, ntchito yawo ili pachiswe. Akakhala chete, mwana wa eni ake akagona m'chitokosi. Anandiuza kuti tulo anali atasiya kutiona.

Ine sindinawakakamize. Ndinangonena kuti ndikalowa kwa abwana 10 koloko kukafotokoza zimene ndapeza m'kompyuta, ndipo za kope sindinena ngati iwo sakufuna. Nthawi itakwana ndinalowa, ndinayamba kufotokoza za theka la belo. Ndisanafike patali chitseko chinatseguka. Mayi aja analowa atanyamula kope ndi manja awiri, analiika patebulo pamwamba pa lipoti lija, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Abwana, mwanayu sanabe. Katundu wanu ali umu. Ngati pali wochotsedwa ntchito ndi ineyo."

Abwana anatsegula. Anayamba kuwerenga ndi nkhope yolimba, chala chikutsika m'mizere. Kenako chala chinaima. Anatchula dzina lina, n'kufunsa ngati ameneyo ndi mwana wa mayi uja ankagulitsa pafupi ndi depoti. Anati ndi yemweyo. Anatchula lina. Anatembenuza tsamba. Patapita nthawi anavula magalasi, n'kunena motsitsa mawu kuti mchitidwe umenewu anauyambitsa ndi iwowo, kale, asanakhale ndi ofesi, akadali pakauntala okha.

Ndinawafunsa abwanawo ngati opanga sisitimu anawafunsa za ngongole. Anati anawafunsa. Anabwera anyamata ovala bwino ndi fomu, anakhala mu ofesi momwemo, ndipo pa funso la ngongole iwo anayankha kuti pano sitikongoza. "Ndinkaganiza kuti zinatha. Komanso, achimwene, munthu ukulipira kompyuta, ungawauze anthu kuti bizinesi yako imayenda pa chikhulupiriro?"

Mnyamata uja anaitanidwa masana omwewo. Zimene anakambirana ndi za iwo awiri.

## Zimene tinaphunzira m'kalasi

Aliyense amene anachita maphunziro a makompyuta amadziwa masitepe a moyo wa sisitimu. Umayamba ndi kuunika ngati ntchitoyo ndi yofunika ndiponso yotheka. Kenako umafufuza mmene bizinesi imayendera ndi zimene ikufuna. Kenako umajambula mapulani, umalemba pulogalamu, umayesa, umaiyambitsa pamalo pake, ndipo umaisamalira mpaka tsiku limene idzapumitsidwe. Pamayeso timawalemba mondondoza, n'kukhoza.

Masitepewo alibe vuto. Vuto ndi mmene timagawira nthawi. Pa kotesheni, kulemba pulogalamu ndi kumene kumaoneka ngati ntchito, chifukwa pali chinthu choti uonetse. Kufufuza kumaoneka ngati kucheza. Ndi bwana uti angalipire munthu kuti akhale pa kreti m'bandakucha n'kumangoyang'ana? Ndiye sitepe imeneyi imafupikitsidwa kukhala msonkhano umodzi mu ofesi, tiyi ali patebulo, ndi munthu amene adzasaine cheke. Munthu ameneyo amafotokoza bizinesi mmene akufunira kuti izionekera, kapena mmene ankaidziwira kale. Sanama. Kungoti amene amadziwa mmene katundu amatulukira ndi amene amamutulutsa.

Nkhawa imeneyi si ya lero. Mu 1970, katswiri wina wa ku America, Winston Royce, analemba pepala lofotokoza kapangidwe ka mapulogalamu akuluakulu. Anajambula masitepe otsika motsatizana, lina likatha lina n'kuyamba. Chithunzi chimenecho chinafalikira dziko lonse, anthu n'kuchitcha waterfall, kutanthauza mathithi. Koma m'pepala lomwelo Royce anachenjeza kuti kuyenda ulendo umodzi wosabwerera m'mbuyo n'koopsa, chifukwa zolakwika za pachiyambi zimadzaonekera kumapeto, pa nthawi yoyesa, pamene kukonza kwake kumafuna kugumula zambiri. Analangiza kuti ntchito ipangidwe kawiri, koyamba kongoyesera, ndiponso kuti mwini ntchito azitenga nawo mbali kuyambira koyambirira. Anthu anatenga chithunzi, chenjezo n'kulisiya.

Mu February 2001, anthu 17 opanga mapulogalamu anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah, n'kugwirizana mfundo za njira imene lero timaitcha agile: kupanga pang'onopang'ono, kuonetsa msanga, kusintha ukamva ndemanga. Ndimaikonda njira imeneyi ndipo ndi imene ndimagwiritsa ntchito. Koma ndinene mosabisa kuti nayonso sikanapulumutsa mnyamata wa ku Limbe, ngati woonetsedwa masabata awiri alionse akanakhala abwana okha mu ofesi yawo. Akanavomera chilichonse, chifukwa chikanafanana ndi zimene ananena. Safunsa anadya phula, inde, koma wofunsa munthu wolakwika nayenso amadya lomwelo.

## Kompyuta ikakhala mboni

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chakuti pamene lipoti linatuluka, palibe anakayikira lipoti. Onse anakayikira munthu.

Ku Britain zimenezi zinachitika pa mlingo woopsa. Kuyambira 1999, Post Office ya kumeneko inaika m'nthambi zake sisitimu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Nthambi zambiri zimayendetsedwa ndi anthu wamba ngati mabizinesi awo, ndipo mgwirizano wawo unkati ndalama zikasowa, abweze okha. Horizon inayamba kuonetsa ndalama zosowa zimene sizinasowe. Anthu ankaimba foni kudandaula, ambiri n'kuuzidwa kuti vutolo lili kwa iwo okha. Ena anabweza ndi ndalama za m'thumba mwawo mpaka kutaya nyumba. Pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 700 anaimbidwa milandu ya kuba kapena kulemba ziwerengero zabodza. Ena anamangidwa. Ena anadzipha.

Zinatengera gulu la anthu 555, motsogozedwa ndi Alan Bates, kukafika kukhoti lalikulu, kumene mu 2019 woweruza anapeza kuti Horizon inali ndi zolakwika zotha kusokoneza ziwerengero za m'nthambi. Mu 2024 nyumba ya malamulo ya dzikolo inachita kupanga lamulo lofafaniza milanduyo. Zaka 25 kuchokera pamene sisitimu inayamba.

Kusiyana kulipo, ndipo ndisakubise. Horizon inali ndi zolakwika m'kati mwa pulogalamu, ndipo panali anthu amene ankadziwa n'kukhala chete. Ya ku Limbe inkachita ndendende zimene inauzidwa. Koma mathero ake akanakhala amodzi: munthu wosauka, wopanda loya, akutsutsana ndi pepala lotuluka m'makina. Ndani akanamukhulupirira? Ife amene timapanga masisitimuwa timadziwa kuti chiwerengero chilichonse chili ndi maganizo a munthu kuseri kwake, munthu amene tsiku lina anasankha kuti belo silingagawidwe, kapena kuti ngongole kulibe. Wogula sadziwa zimenezo. Amaona zilembo zosindikizidwa bwino, n'kuganiza kuti ndi choonadi.

Kuyambira pa nkhani ya ku Limbe ija sindilola kuti lipoti langa liike dzina la munthu pambali pa mawu akuti "chosowa". Limanena kuti pali kusiyana, limaonetsa nthawi imene kusiyanako kunayamba, ndi zonse zimene zinachitika pafupi ndi nthawiyo. Kuweruza ndi kwa anthu, atafunsana.

## Asinthe ndani, bizinesi kapena sisitimu?

Pali anzanga amene amatsutsa zimenezi, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Amati sisitimu imabwera kudzakonza zinthu, osati kudzasindikiza chisokonezo chimene chilipo kale. Ukamatsatira chilichonse chimene a pakauntala anazolowera, udzapanga kope lomwelo, kungoti la magetsi.

N'zoona kuti si chizolowezi chilichonse choyenera kusungidwa. Koma uyenera kudziwa kaye kuti ndi chizolowezi chiti chimene chikunyamula bizinesi. Kampani ya masitolo ya ku Germany, Lidl, inayamba mu 2011 ntchito yosamutsira kayendetsedwe ka katundu wake ku pulogalamu ya SAP. Malinga ndi mmene nyuzipepala za kumeneko zinafotokozera, pakati pa zovuta zake panali kanthu kooneka kakang'ono: Lidl inazolowera kuwerengera katundu wake pa mtengo wogulira, pamene pulogalamuyo inapangidwa kuti iziwerengera pa mtengo wogulitsira. Lidl sinafune kusintha, ndiye anayamba kupinda pulogalamu kuti igwirizane nawo, ndipo kupindako kunakhudza mbali zina zambiri. Mu 2018 anaisiya ntchitoyo, atawononga ndalama pafupifupi 500 miliyoni ya ma euro, n'kubwerera ku sisitimu yawo yakale.

Funso loti asinthe ndani linayenera kuyankhidwa pa sitepe yachiwiri, pepala ndi cholembera zili m'manja, pamene kusintha maganizo sikudya ndalama. Ku Limbe tinaliyankha motere: ngongole ya m'mawa ikhale, chifukwa ndi imene imabweretsa anthu pakhomo. Kudikira kuti matheka awiri akumane kuthe, chifukwa kunalibe phindu lililonse.

## Mmene tinayambiranso

Sitinayambire pa kompyuta. Tinang'amba katoni ya sopo, ndipo pa chidutswa chilichonse ndinajambula mmene sikirini idzaonekere. Mayi aja ankaloza ndi chala, ine n'kumasintha ndi cholembera. Ndinali nditaika malo a nambala ya chitupa cha unzika pamwamba penipeni. Anati zimenezo zikhalepo koma pansi. M'bandakucha, anthu khumi ali pamzere, iwo amafufuza munthu ndi dzina limene amadziwika nalo ndi msika umene amagulitsako. Anafunanso malire a munthu aliyense: uyu asapitirire belo limodzi, uyo angatenge atatu, winayo asatenge kanthu mpaka atamaliza za sabata yatha. Zonsezi zinali m'mutu mwawo mokha. Akanadwala mwezi umodzi, shopu ikanataya ndalama kapena makasitomala, mwina zonse ziwiri.

Telala wabwino samaliza suti asanakuitane kudzayesa. Amakuveka idakali ndi ulusi wongogwirizira, n'kuona pamene ikuthina. Ifenso tinayamba ndi mbali ya ngongole yokha, yosakongola, n'kuipereka kwa mayi aja kuti aigwiritse ntchito pakhomo lakuseri. Tsiku loyamba lomwe anapeza kuti ndilibe malo a katundu wobwezedwa atang'ambika. Chimenecho sichikanatuluka pa msonkhano uliwonse, chifukwa ngakhale iwo sanachikumbukire mpaka sopo wonyowa atafika m'manja mwawo.

Magetsi nawo analowa m'mapulani. Chinali chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima maola ambirimbiri. Sisitimu yakale inkafuna kompyuta ya patebulo ndi intaneti nthawi zonse. Yatsopano tinaipanga kuti iziyenda pa tabuleti ndi laputopu, izisunga zonse momwemo, ndipo izitumiza netiweki ikabwera. Zimenezi si zokongoletsera. Kwathu kuno, sisitimu imene imafa magetsi akazima imaphunzitsa antchito kubwerera ku pepala, ndipo akabwerera kawiri katatu, sabwereranso ku kompyuta ndi mtima wonse.

Pa kuyambitsa, abwana ankafuna tichite monga kale: tsiku limodzi, zakale zonse kunja. Ndinakana. Ndinawafotokozera za banki ya TSB ku Britain, imene mu April 2018 inasamutsa makasitomala ake onse kupita ku sisitimu yatsopano pa mapeto a sabata imodzi. Anthu okwana 1.9 miliyoni anavutika kulowa m'maakaunti awo, ena ankaona za m'maakaunti a eni, mkulu wa bankiyo anatula pansi udindo chaka chomwecho, ndipo kenako bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi oposa 48 miliyoni. Ife tinayendetsa kope ndi sisitimu limodzi mpaka mwezi unatha. Madzulo alionse mayi aja ndi mwana wa abwana ankakhala pamodzi kufananitsa. Zikasiyana, tinkafufuza kuti walakwa ndani, ndipo nthawi zina inkalakwa ndi pulogalamu yanga, nthawi zina cholembera. Inali ntchito yowirikiza, yotopetsa. Koma amene ananena kuti kope lapuma anali mayi aja eni ake, osati lamulo lochokera mu ofesi.

Wophunzitsa anzake kagwiritsidwe ntchito ka tabuleti anali mnyamata wamakiyi uja. Anaigwira msanga kuposa onse.

## Gawo limene palibe amafuna kulipira

Anthu amaganiza kuti sisitimu ikayamba kugwira ntchito ndiye kuti yatha. Pamenepo ndi pamene moyo wake weniweni umayambira, ndipo gawo limeneli ndi lalitali kuposa ena onse kuphatikiza.

Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo inasintha usiku umodzi, ndipo inapitiriza kusintha. Foni yanga inalira m'mawa. Venda anatenga shuga dzulo pa mtengo wakale, wabwera ndi ndalama lero mtengo utakwera. Alipire uti? Sisitimu inkatenga mtengo wa tsiku lolipira, chifukwa pamene tinkaipanga, mtengo sunkasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo kawirikawiri moti n'kukhala nkhani. Limeneli silinali funso la kompyuta. Abwana ankati iwonso akakaoda mawa akagula pa mtengo watsopano. Mayi aja ankati munthuyo wagulitsa kale pa mtengo wakale, ndalama yowonjezera aitenga kuti? Anakangana ndithu. Pomaliza anagwirizana kuti mtengo ndi wa tsiku lotenga katundu, koma wochedwetsa kupitirira masiku amene anapangana alipire watsopano. Ine ndinangolemba zimene anagwirizanazo m'pulogalamu, ndipo zinafuna kuti sisitimu iyambe kusunga mbiri ya mitengo, chinthu chimene poyamba inalibe.

Zotere sizitha. Mavenda ambiri tsopano amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba, nthawi zina ndi foni ya mlamu wawo, ndiye dzina lofika ndi ndalama silifanana ndi la mwini ngongole. Timakina ta malisiti a msonkho timene bungwe lotolera msonkho la MRA linayambitsa mu 2014 tinabwera ndi malamulo ake, ndipo malamulo a msonkho akasintha sisitimu iyenera kutsatira. Laputopu imakalamba. Wantchito amachoka ndi pasiwedi m'mutu.

Ndipo tsiku lina sisitimu imeneyi idzapumitsidwa, monga inapumitsidwira ija. Pamene ndinkasamutsa zinthu kuchokera mu yakale, ndinapeza kuti pasiwedi yaikulu anapita nayo opanga aja. Mbiri ya malonda a shopu, ya eni ake, inali yotsekeredwa m'kompyuta yawo yomwe. Zambiri tinachita kuzilembanso pamanja kuchokera pa malisiti. N'chifukwa chake mu mgwirizano wanga ndinalembamo kuti data ndi ya shopu, osati yanga. Pasiwedi yaikulu ili mu envulopu m'sefa ya abwana. Mwezi uliwonse sisitimu imatulutsa zonse, katundu, mitengo, mayina a mavenda ndi ngongole zawo, m'fayilo imene pulogalamu iliyonse ya matebulo a ziwerengero ingatsegule, ndipo fayilo ina yofanana nayo imasungidwa kunja kwa shopu. Ndinalembanso masamba angapo ofotokoza chifukwa chake zinthu zinapangidwa mmene zililimo, kuphatikizapo nkhani ya khomo lakuseri, kuti wodzabwera pambuyo panga, kaya ndi mtsikana wongomaliza kumene ku yunivesite ya MUBAS kapena kampani ya ku Lilongwe, asadzaone mbali ya ngongole n'kuganiza kuti ndi yosafunika.

Pamene sitinagwirizanebe ndi abwana ndi pa ndalama ya mwezi ndi mwezi yosamalira sisitimu. Iwo amati analipira kale, ndipo chinthu chikugwira ntchito, alipirirenji china. Akufuna azindiitana chikawonongeka. Ine ndimati chikadzawonongeka pa tsiku la malonda ambiri, ine ndili ku Mzuzu pa ntchito ina, mtengo wake udzaposa wa chaka chonse, ndiponso zambiri zimene ndimachita mwezi uliwonse ndi zoti chisawonongeke n'komwe. Ndawatsitsirako pang'ono, iwo akweza pang'ono. Tapangana kuti tikumanenso kumapeto kwa mwezi, ndipo ndapempha kuti pa zokambiranazo mayi a pakauntala adzakhalepo.